Mmene Ndinakhalira Aphonya a ku Kabwata

Magetsi apita, eti? Amene wawazimitsayo Mulungu amudalitse. Akanapanda kutero si bwenzi mutabwera pakhonde pano kudzaona ngati ndikupumabe. Bwenzi aliyense ali pakona pake, khosi lili zyolizyoli ngati nkhuku ya chitopa, chala chikukanda galasi. Khalani pansi, ana inu. Iwe Dalitso, tsitsa phazi pampando wa agogo ako aakazi, si mpando wa m'minibasi ya ku Chelstone umenewo.

Chisomo, foni yako isanafe unandionetsa azungu okalamba aja, mamendulo mbwee pachifuwa ngati ogulitsa mabatani pamsika wa Soweto. Akuti anali m'ndege zoponya mabomba pankhondo ya kwawo. Wina ankayendetsa, wina ankaona njira, wina ankatsegula mimba ya ndege kuti katundu agwe. Anafotokoza mmene anaphunzirira, mmene ankanjenjemerera, mmene anabwererera kwawo akazi n'kuwakumbatira pasitesheni. Mmodzi mpaka analira, mdzukulu wake n'kumupukuta. Ndiye iwe n'kundifunsa ndi Chinyanja chako chothyoka miyendo chija kuti, "Agogo, naimwe munali monga aba?"

Ayi. Iwo anali pamwamba. Ine ndinali pansi, kumene katunduyo amafikira. Wa pansi sajambulidwa.

Ndipo musayese ngati sindidziwa kuti mumaseka kumbali anthu a muno m'Kabwata akamandipatsa moni kuti "Ba Phonya, shani?" Mumaganiza kuti ndi dzina la ubatizo? Lero mulimva kumene linachokera, ndipo amene aseke ndisanamalize sadya mapapaya anga.

Sukulu ndinasiyira Fomu Thuu. Sindinalephere, atate anu asakunamizeni. Mphunzitsi wina ankakonda kumenya ana ndi paipi ya madzi, tsiku lina anandimenya chifukwa chala chinkasuzumira kunja kwa nsapato. Ndinamulanda paipiyo, kuiponya padenga la kalasi, n'kutuluka pageti. Mwina ikadali pomwepo. Inu lero mphunzitsi akangokuyang'anani ndi diso lofiira, amayi anu afika kusukulu ndi galimoto. Ine atate anga anangoti, "Wakula, uzidzidyetsa." Ndinapita m'tauni kukakankha wilibala pasitesheni ya sitima, kunyamula masutikesi a anthu amene sankandiyang'ana n'komwe kumaso.

Agogo anu aakazi, Esinati, ndinawapeza pamzere wa sopo. Inde, sopo. Masiku amenewo ukaona mzere umayamba waima kaye, kenako n'kufunsa kuti akugulitsa chiyani. Ine ndinafuna kulowerera kutsogolo, mtsikana wina wamfupi n'kundikoka kolala mpaka batani kuduka. Ndinati mkazi wogwira chonchi sangataye mwamuna panjira. Ndinalondola. Sananditaye mpaka lero, ngakhale nthawi zina ndinkapempha.

Titangokwatirana, ndege za azungu a kutsidya kwa Zambezi zinayamba kubwera. Zinkasaka anyamata a kwawo omwe ankamenyera ufulu, amene ankakhala m'makampu m'mafamu ozungulira Lusaka. Koma bomba silifunsa chitupa. M'masukulu ana ankakumba maenje obisalamo, m'tauni aliyense wonyamula kamera ankaoneka kazitape. Ine wilibala inali itandikwana, ndipo ku usilikali ankapereka nsapato. Musafune chifukwa china chachikulu. Ndinalowa chifukwa cha nsapato.

Anatitengera kuthengo, kukampu imene udzudzu wake unali ndi udindo kuposa ife. Anatimeta mipala tonse ndi lumo limodzi. Nyemba zake zinali ndi anankafumbwe ochuluka moti sajeni wathu ankati tisadandaule, boma latipatsa ndiwo ziwiri m'mbale imodzi. Amene anamaliza sukulu anawapatsa mapu ndi mawailesi. Ife osamaliza anatipatsa zinthu zolemera. Ine anandipatsa mfuti yowombera ndege.

Si mfuti iyi mumaiona ndi apolisi pamsewu. Chinali chimfuti cha milomo iwiri, cha mateyala, chokokedwa ndi lole, ndipo chinali ndi mipando iwiri yachitsulo yotentha matako. Wokhala mbali ina amapukusa chigudumu kuti milomo itembenukire uku ndi uku. Wokhala mbali inayo amapukusa chake kuti milomo ikwere kapena itsike, ndipo pansi pa phazi lake pamakhala chopondera. Akaponda, mfuti imalankhula. Gwirani bwino pamenepa, chifukwa mitu yanu imataya zinthu ngati dengu lobooka: mfuti imodzi, olozetsa awiri, woponda mmodzi. Wopondayo ndinali ine. Wa mpando winawo anali Mulenga, mnyamata wa ku Luapula, wa mano oyera ndi pakamwa posatseka. Munthu ameneyo akanatha kugulitsa mchenga kwa asodzi.

Zipolopolo zophunzirira kunalibe. Tinkalondola akhwangwala, ine ndikaponda n'kukuwa ndi pakamwa kuti "du-du-du-du!" Khwangwala akapitirira, sajeni ankagamula yekha. Tsiku lina "wafa uyo," tsiku lina "wakuphani nonse, kathamangeni," malinga ndi mmene wadzukira. Anatiduliranso makatoni m'maonekedwe a ndege kuti tizisiyanitsa yathu ndi ya adani. Iye ankanyamula katoni pamutu n'kuthamanga nayo kuchokera kuseri kwa chimbudzi, ife tizitchula dzina lake. Chimene sanatiuze n'chakuti ndege yeniyeni sithamanga liwiro la sajeni wa mimba.

Atatiweruza kuti taphunzira, anatikhazika pakaphiri kupitirira Makeni, pakati pa minda ya chimanga ndi ng'ombe za eni ake. Makeni wa lero wa mipanda ndi nyumba zosanja muiwaleni, kunali tchire. Kumeneko ndiko ndinaphunzira nkhondo yeniyeni, ndipo nkhondo yeniyeni ndi kudikira. Kuyang'ana kumwamba mpaka khosi kuuma. Kupukuta mfuti yoyera kale. Kumvera mabodza a Mulenga a ng'ona imene akuti anaigwira mchira. Mvula inatinyowetsa, chisanu chinating'amba milomo, dzuwa linabwera n'kutiwamba. Uku Esinati ali ndi pakati, ali yekha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, msewu wachiwiri kuchokera pano, mpaka amayi ake anachita kubwera kuchokera ku Katete kudzamudikirira.

Tsiku lake linali m'mawa, nyengo ya dzuwa, mango asanapse. Ine ndinkachapa masokosi m'chipewa chachitsulo. Mumve ichi, ana inu, chifukwa m'mafilimu anu amanama: ndege ya nkhondo imafika phokoso lake lisanafike. Ndinangoona ng'ombe zonse zitadzutsa mitu pamodzi, kenako chinthu chakuda chikubwera chotsika pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Sichinkafanana ndi katoni iliyonse. Ndinalumphira pampando manja ali thovu lokhalokha, Mulenga anakwera ndi nsapato imodzi. Iye kupukusa, ine kupukusa, ndipo ndinaponda.

Sindinamvepo chinthu chotere. Khutu lakumanzereli linatsekeka tsiku lomwelo, n'chifukwa chake mukamandipempha zinthu ndimakutembenuzirani limeneli. Ndegeyo inapendekeka, kumbuyo kwake kukutuluka utsi wakuda, n'kukalowa kuseri kwa mapiri a kummwera. Basi. Nkhondo yanga yonse inatha msanga kuposa mmene Dalitso amamalizira botolo la zakumwa.

Kodi utsi umenewo unali wa bala, kapena ndi utsi umene ndege imatulutsa ikamathawa? Inapendekeka chifukwa ndinailasa, kapena inkangokhota? Sindikudziwa. Mpaka lero sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti zinzake zinali zitataya kale katundu wake pakampu ina kutsogolo kwathu. Masana malole anadutsa pansi pa kaphiri kathu atanyamula anthu okutidwa mabulangete, mapazi okha ali kunja. Mapazi a anyamata a msinkhu wanga, ena osavala nsapato ngati ine ndisanalowe usilikali. Mzungu wako wolira uja, Chisomo, zimenezi sanazione. Kuchokera kumwamba mapazi saoneka.

Mabwana anabwera ndi galimoto, anayang'ana kummwera ndi magalasi oonera kutali, n'kunena kuti mbali yathu ino sikunagwe kanthu. Anatikalipiranso kuti tawononga zipolopolo. Mendulo yanga inali imeneyo.

Koma Mulenga anapita kutchuthi ine ndisanapite, ndipo pakamwa pake panafika ku Kabwata. Mwana atabadwa, atate anu amenewo, anandipatsa masiku ochepa oti ndikamuone n'kubwerera kuphiri. Nditatsika basi ndinadabwa. Anthu amene kale sankandibwereka ngakhale machesi anandithamangira. "Ndi uyu! Ndi uyu anagwesa ndeke!" Anandikokera kumowa, mapaketi a masese akubwera okha. Mulenga ali pakati akuonetsa ndi manja mmene mapiko anathothokera, mmene mzungu anakuwira. Anamva bwanji mzungu akukuwa m'ndege, musandifunse. Ine sindinamutsutse. Kunena zoona zinandikomera. Mwana wa wilibala, wothawa sukulu, lero amuna a mataye akundigwira chanza ndi manja awiri. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinali munthu.

Gulu lonselo linandiperekeza kunyumba likuimba, anyamata atandinyamula pamapewa. Titafika, nyimbo inazima yokha.

Pakhomo la kachipinda kathu panali patapingasidwa munsi. Kuseri kwa munsiwo kunakhala apongozi anga, atandifulatira, nkhope kuloza kukhoma. Inu simudziwa zimenezi, amayi anu amaseka ndi apongozi awo pafoni ngati anzawo a kusukulu. Kwathu mkamwini ndi apongozi sayang'anana, salankhulana pamaso. Ndiye iwo ankalankhula ndi mwana wawo amene anali m'kati, mokweza kuti Kabwata yense amve, ine ndili chiimire pafupi moti ndikanatha kuwagwira duku.

"Esinati, uwauze amuna ako aime pomwepo."

Esinati anasuzumira pawindo. "Akuti muime pomwepo."

"Ndamva," ndinatero.

"Esinati, uwauze kuti tamva za ntchito yawo. Uwauze kuti munthu wokhetsa magazi amayenda ndi chirope. Magazi a wakufayo amamukwera kumutu, maso n'kufiira, manja n'kutentha. Ngakhale wopha mkango salowa m'mudzi asanasambe mankhwala, nanji wopha munthu. Muno muli khanda, liwombo likadali phaphapha. Akaligwira ndi manja amenewo tiliika m'manda sabata isanathe."

Ndinati, "Esinati, uwauze amayi kuti mankhwalawo abwere, ndisamba pompano."

"Esinati, uwafunse ngati akuyesa mankhwala a chirope amagulitsidwa pamsika ngati kapenta. Amene amawadziwa ali kumudzi, kupitirira Katete. Apite, akatemedwe mphini, akasambe pamphambano, abwere. Mwana sathawa."

Mwana sathawa! Ulendo wa ku Katete masiku amenewo, basi yake yochita kugonera pamzere, matayala kuphulika, mlatho wa Luangwa asilikali akutsitsa aliyense. Ine mkuja ndiyenera kukhala nditabwerera pampando wachitsulo uja. Ndipo ndinali nditaona mapazi aja m'malole. Ndinadziwa kuti ndikachoka pakhomo pamenepo osamugwira mwanayo, mwina sindidzamugwiranso. Ndege zija zinali zitaona pamene mfuti yathu ili.

Taonani tsono mmene dziko linandichitira. Boma likuti sindinaphe munthu, palibe mendulo. Apongozi akuti ndinapha munthu, palibe mwana.

Mulenga anafuna kuthandiza, mwa nzeru zake. "Ba mayo, musavute mwamuna uyu, ni ngwazi! Tinaigwesa ise babili!"

"Esinati, mfunse Mbemba wolongololayo. Anaponda ndani?"

Mukanamuona Mulenga! Anabwerera m'mbuyo, manja m'mwamba. "Ah, ba mayo, kuponda anaponda ni uyu. Ine nenze chabe kuzungulusa." Ulemu ankaufuna wonse, magazi anandisiyira ndekha.

Pamenepo m'kati munamveka kulira. Kamawu kakang'ono, kosasa, ngati kamwana ka mbuzi kotsekeredwa m'khola. Ndinali ndisanakamvepo.

Apongozi anati, "Esinati, mwina anthu akungonena. Uwafunse eni ake, pamaso pa anzawo onsewa. Anailasa, kapena anaphonya? Ngati anaphonya, manja awo ndi oyera, munsiwu ndichotsa."

Ndinayang'ana m'mbuyo. Amuna a mataye aja, anyamata amene anandinyamula pamapewa, azimayi a m'nyumba zoyandikana atatsamira mipanda. Onse akudikira ngwazi yawo iyankhe. Ndinayang'ana munsi uja.

"Ndinaphonya."

"Esinati, makutu angawa akalamba. Ati bwanji?"

"Ndinaphonya!"

"Pang'ono, kapena kutali?"

Mayi ameneyo, Mulungu amusunge kumene aliko, ndipo amusungitsitse. Ndinakuwa kuti, "Kutali! Ndinawombera mitambo!"

Kenako mayi wina wogulitsa vitumbuwa anaphulika chiseko, n'kuwomba m'manja. "Iyee, kanshi ni ba Phonya!" Gulu lonse linagwa nacho. Wina anabwera kudzandilanda paketi ya masese imene anandigulira yekha, ili theka. Anabalalika akuseka, ndipo dzina lija linatsala pamutu panga ngati chipsera.

Apongozi anachotsa munsi osatembenuka. "Esinati, uwauze ayambe asamba. Akununkha thukuta la boma."

Kuseri kwa nyumba ndinapeza beseni. Madzi ake anali ofiirira, tizinyalala tikuyandama, fungo ngati la mizu yonyowa. Ndinafunsa kuti madzi amtundu wanji amenewa. Esinati anati, "Mpope wa kuno ukutulutsa matope masiku ano, ndipo sopo kulibe. Sambani, musachite ngati bwana." Ndinasamba. Ankayabwa pang'ono.

Ndiye anandipatsa atate anu. Amenewa, amene lero akuyenda ndi mimba ngati thumba la makala, amene amandiuza kuti ndichepetse mchere. Anali opepuka ngati paketi ya shuga. Anatsegula diso limodzi, kundiyang'ana ngati ndabwera kudzapempha ntchito, n'kundikodzera yunifolomu kuyambira pachifuwa mpaka palamba. Sindinawabweze. Ndinakhala nawo chomwecho mpaka mkono unachita dzanzi, ndipo Esinati atafuna kuwatenga ndinamuuza kuti adikire.

Ndinabwerera kuphiri. Ndege sizinabwerenso mbali yathu, sindikudziwa chifukwa chake, ndipo musandiyambitse. Nkhondo ya anzathuwo itatha, lole inatitsitsa m'tauni ngati matumba a fetereza. Panalibe ng'oma, panalibe wondikumbatira pasitesheni. Ndinayenda wapansi mpaka kuno, chikwama paphewa, ndipo munthu woyamba kundiona anakuwa kuti, "Ba Phonya babwela!" Kenako ndinakalamba ndikutsegula mageti a anthu ku Kabulonga, kuchitira sawatcha agalu odya bwino kuposa ine.

Mulenga? Mulenga sanasiye kuigwetsa ndege ija. Anaigwetsa m'mabala, anaigwetsa pamisonkhano, anaigwetsa mpaka inamugulira nyumba ku Woodlands. Chaka chilichonse inkakula. Nditakumana naye pamaliro ena, zinali zitakhala ndege ziwiri, ndipo woponda anali iye. Chirope sichinamugwire. Zikuoneka kuti chirope chimaopa mipanda ya magetsi.

Tsono imvani mchira wa nkhaniyi. Apongozi aja atamwalira, atate anu ali kale ndi ndevu, tinapita kukaika ku Katete. Pobwerera, m'basi, ndinaona agogo anu akugwedezeka mapewa. Ndinayesa akulira, ndinati ndiwatonthoze. Ayi, akuseka.

"Mukukumbuka madzi amatope aja?"

Ndinati ndikukumbuka.

"Mpope unalibe vuto. Amayi anabwera nawo mankhwala a chirope kuchokera kumudzi, atamanga pakona pa chitenje, atangomva ntchito imene munkagwira. Anawanyika m'beseni m'mawa, inu musanatsike n'komwe basi."

Ndinati, "Ndiye ngati mankhwala anali m'beseni kale, anandivuliranji pamaso pa Kabwata yense?"

"Ndinawafunsa. Anati madzi amachotsa magazi m'manja, koma sachotsa m'kamwa. Anati mwamuna amene akumwera mowa imfa ya munthu, ngakhale munthuyo akhale mdani, sanyamula mdzukulu wawo mpaka ataulavula yekha."

Ana inu, mundimvetse. Musayese ndinagoma ndi nzeru zawo. Kuchokera ku Nyimba mpaka ku Chongwe ndinkawerengera m'mutu zaka zonse zimene ana a anthu akhala akundikuwiza m'misewu, chifukwa cha mayi mmodzi wosandiyang'ana n'komwe kumaso. Akanatha kundinong'oneza kudzera mwa mwana wawo. Koma ayi, anafuna msonkhano. Ndipo agogo anuwo, a nkhope yachifatse amene amakupatsani maswiti kutchalitchi, anasunga zimenezi m'mimba zaka zonsezo, akudya nane mbale imodzi. Muziwaopa anthu aafupi.

Ndiye magetsi akabwera, Chisomo, ukamuyatsenso mzungu wako wolira uja. Umuyang'anitsitse. Ali ndi mamendulo, ali ndi nyimbo, ali ndi anthu omujambula. Koma atafika kwawo palibe amene anamupingasira munsi pakhomo, palibe amene anamutungira madzi. Anangomulowetsa m'nyumba ndi nsapato zake zomwezo n'kumupatsa tiyi. N'chifukwa chake akulirabe mpaka lero, mano atatha m'kamwa. Ine ndimagona tulo. Ndimadzuka ndi mkwiyo, inde, koma ndimagona.

Ukuti chiyani, Dalitso? Lankhulira khutu ili. Ukufuna kudziwa ngati mumtima mwanga ndimakhulupirira kuti ndinailasa?

Utsi uja unali wakuda kwambiri, mwana iwe. Ndaona ndege zambiri zikuuluka kuchokera tsiku limenelo, ndipo sindinaonepo ina ikutulutsa utsi ngati umene uja. Ndipo mmene inapendekekera, phiko lakumanja lija...

Taonani katani ya pawindo ikugwedezeka. Agogo anu aima pamenepo kuyambira pa nkhani ya sopo, ndipo munsi wa amayi awo ukadali kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Ndinaphonya. Kutali. Pitani mukathyole mapapaya.